Chipepala cha Aphungu ndi Mathandala a Amayi

Amene amati dziko lino limayendetsedwa ku Lilongwe sanagwirepo ntchito pa loji ya ku Senga Bay. Ku Lilongwe amangosungako mipando ndi mafayilo. Kuganiza kwenikweni kumachitikira kwathu kuno, m'holo yoyang'ana kunyanja, pakati pa tiyi wa teni koloko ndi chambo cha masana. Ndikudziwa chifukwa ndine ndimayala matebulo m'holomo. Pamalo pa munthu aliyense ndimaika botolo la madzi, kabuku, cholembera ndi timaswiti tiwiri, kenaka ndimaima kukhoma manja kumbuyo, kumvetsera mmene umphawi ukuthetsedwera. M'zaka zimene ndagwira ntchitoyi, umphawi wathetsedwa m'holo mwathu kosawerengeka. Njala inathetsedwa, katangale anathetsedwa, ngakhale udzudzu unathetsedwapo Lachitatu lina tisanadye nkhomaliro. Msonkhano ukatha ndimamatula zipepala zikuluzikulu zimene amalembapo nzeru zonsezo, n'kukazisiya kukhitchini kuti aziyatsira mbaula.

Alendo amene ndinkawakonda kwambiri anali aphungu a Nyumba ya Malamulo. Sabwera onse, amabwera kagulu kamene amati komiti. Galimoto zawo zimadzaza bwalo, ndipo aliyense amatchula mnzake kuti olemekezeka, ngakhale pamene akulimbirana ntchafu yomaliza ya nkhuku. Ndinkawamva akutafuna Chingerezi, ndinkatolako mawu awiri atatu, ndipo ndikafika kunyumba ndinkawakhuthulira anthu ngati ndinabadwa nawo. Sukulu ndinalekezera Fomu 4, satifiketi yake si yoonetsa alendo, koma pa doko lathu ndinali loya, mtolankhani ndi nduna pamodzi. Pakabuka mkangano wa ndale anthu ankati, "Afunseni awa, amadya nawo." Sindinkadya nawo, ndinkawachotsera mbale. Koma cholakwika chimenecho sindinachikonzepo chifukwa chinkandikoma.

Kwathu kuno ntchito ya phungu timaidziwa bwino kuposa amene anailemba m'mabuku. Phungu ndi wogula bokosi pamaliro, wotumiza galimoto mayi akadwala matenda akutiakuti, wogula mpira ndi yunifomu za timu, wokonza mjigo. Akalephera zimenezi timati walephera ntchito. Sindinamvepo munthu pa doko akufunsa phungu kuti pa lamulo lakutilakuti anavota bwanji. Ndiye munthu amene amatha kuika maliro a mudzi wonse, tikanaganiza bwanji kuti pali chinthu chimene saloledwa kukhudza?

Amayi anga ndi a geni ya usipa. Amapikula pa doko maboti akamafika m'mawa, wina amafutsa, wina amayanika, n'kugulitsa kwa anthu a ku Chitala amene amabwera ndi madengu pa njinga. Pamchenga, chapafupi ndi mlambe, anali ndi mathandala anayi, matebulo ataliatali a nsungwi oyanikapo nsomba. Bambo atamwalira, mathandala amenewo ndiwo anatilera. Amayi kuwerenga kwawo kumathera pa manambala a nyimbo za kutchalitchi, choncho kalata iliyonse, ya kuchipatala, ya kumpingo, ya kusukulu kwa adzukulu, ankabwera nayo kwa ine. Chimene ine ndanena ndicho chinali cholembedwa. Sanapitepo kwa wina kukatsimikiza.

Chaka china kunabwera bambo wa m'tauni, wovala kabudula ndi magalasi akuda, ali ndi anthu oyeza malo. Anakwirira timiyala ta simenti m'makona a mchenga wathu, nanena kuti malowo ndi ake, mapepala ali nawo, ndipo akufuna kumangapo malo ogona alendo, poti ku Senga Bay, monga mukudziwa, malo ogona alendo ndi osowa kwambiri. Amayi ndi anzawo asanu a mathandala oyandikana anapita kukhoti, mothandizidwa ndi loya wina wa ku Lilongwe amene amathandiza anthu osauka mwaulere. Mlandu unayenda nthawi yaitali, ndipo anagonja. Woweruza anati ngati sanakhutire akhoza kuchita apilo ku khoti lalikulu, koma masiku ake ndi owerengeka. Loya anati mwayi ulipo, chifukwa mapepala a bamboyo anatuluka popanda kufunsa anthu amene anali pamalopo. Chofunika chinali chakuti amayi apite ku Lilongwe akadinde chala pa mapepala a apilo masikuwo asanathe.

Koma amayi khoti linali litawatopetsa. "Anandiimika m'kabokosi ngati wakuba," ankatero. "Ndikayamba kufotokoza, akuti yankhani eya kapena ayi. Moyo wanga wonse pamchenga paja ukwane mu eya kapena ayi?"

Sabata yomweyo amanijala anatiuza kuti tikonze holo, Lolemba kukubwera komiti ya aphungu, masiku anayi. Pakamwa panandiyabwa. Loweruka masana ndinawapeza amayi pakhonde akusankha usipa m'lichero, ndipo ndisanakhale n'komwe ndinati, "Anzanga aja akubwera Lolemba."

"Anzako ati?"

"Aphungu."

Amayi anaika lichero pansi. "Opanga malamulo aja?"

"Omwewo."

"Lamulo limene anandiwerengera woweruza uja analemba ndi iwowo?"

"Malamulo onse amachokera kwa iwo," ndinatero, mwendo uli pa unzake.

"Ndiye ku Lilongwe tikukatani? Waganyu wa m'boti akandibera muyezo sindikadandaula kwa waganyu mnzake, ndimapita kwa mwini boti. Eni malamulo akubwera okha mpaka pakhomo, ife tikwere minibasi kukasaka antchito awo?"

Ndinene zoona, tsiku limenelo nanenso ndinaona kuti mfundoyo ndi yomveka. Zaka zonse ndikuima kukhoma kuja ndinali ndisanadzifunsepo kuti mphamvu za anthu amenewa zimathera pati. Munthu wobwera pa galimoto yaitali choncho, mphamvu zake zingakhale ndi malire? Ndinati, "Musadandaule amayi, ndikonza."

Lachiwiri nthawi ya tiyi amayi ndi anzawo aja anafika onse asanu ndi mmodzi, atavala zitenje za kutchalitchi, atasenza dengu la usipa wofutsa wosankhidwa umodziumodzi. Mlonda wa pageti timapemphera naye, choncho anapeza chinthu china choyang'ana kumwamba. Ndinawalowetsa kudzera kukhitchini. Atafika pakhomo la holo amayi anavula nsapato. Ndinawanong'oneza kuti avale, anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"M'Nyumba ya Malamulo?"

Holo imene Loweruka lomwelo munali phwando la ukwati, mabaluni ake ena akadali kudenga, kwa iwo inali itasanduka Nyumba ya Malamulo chifukwa aphungu akhalamo, monga mmene pansi pa mtengo pamasandukira tchalitchi abusa akafika. Anzawo aja nawonso anavula, nsapato zinandandalika pakhomo.

Wapampando wa komitiyo anali bambo wathupi, wa mawu okoma, dzanja lina kapu, lina sikono. Ndinagwada pambali pake. "Olemekezeka, pepani, amayi anga ali ndi mawu." Sanali phungu wa dera lathu, koma phungu akaona amayi asanu ndi mmodzi ndi dengu, mtima wake umafewa wokha. Anawaitanira kutsogolo, mafoni ojambula anatuluka m'matumba. Amayi anagwada n'kufotokoza zonse, kuyambira pa amalume awo amene anayamba kuyanika nsomba pamenepo mpaka pa timiyala ta simenti. Palibe anawadula kuti eya kapena ayi. Ndinaona nkhope yawo ikumasuka, ndipo ndinanyada moti ndinaiwala kuti ndagwira thireyi.

Wapampando anapukusa mutu m'malo onse oyenera. Anati nkhaniyo yamukhudza, anati amayi ndiwo mzati wa dziko lino, kenaka anatenga cholembera chachikulu chakuda, napita pa chipepala chopachikidwa kutsogolo, n'kulembapo mizere iwiri m'Chingerezi. "Amayi, nkhani yanu yalembedwa. Tipita nayo ku Nyumba."

"Uwauze asayine," amayi anatero akuyang'ana ine. Kukhoti anali ataphunzira kuti pepala losasayinidwa ndi lokulungira mandasi.

Anthu anaseka, wapampando naye anaseka, nasayina siginecha yaikulu yopindapinda. Ena awiri anasayinanso, poti kujambula kunali kusanathe. M'manja munawombedwa, amayi anaimba nthungululu mpaka ophika anasuzumira pakhomo. Kenaka anapempha chipepalacho. Ndinachimatula ndi manja anga awa, ndinachipinda kanayi, n'kuwapatsa. Usipa unalowa m'galimoto ya wapampando.

Munthu mmodzi yekha sanawombe m'manja. Anali mayi wochepa thupi, wa magalasi, amene ankakhala kumapeto kwa tebulo ndi kompyuta. Anali kalaliki wa komitiyo, wolemba zonse zokambidwa. Tiyi ndinkamupatsa pomalizira, poti sanali wolemekezeka. Aphungu atatuluka kukadya, ine ndikutolera makapu, anandikodola.

"Asisi, amene amalankhula aja ndi mayi anu enieni?"

"Eya."

"Ndamva kuti khoti linagamula kale. Apilo anachita?"

Ndinamwetulira kumwetulira kwa munthu wodziwa zam'kati. "Sikufunikanso, poti olemekezeka asayina."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana kanthawi. "Pepala lija mwaliwerenga?"

"Ndaliona."

"Likuti komiti idzaunikenso malamulo okhudza malo a m'mbali mwa nyanja. Basi. Ndi mutu wa zokambirana. Dzina la mayi anu mulibe, doko lanu mulibe."

"Koma apita nayo ku Nyumba."

"Apite nayo. Tinene kuti Nyumba yadzaza, aphungu onse aimirira, agwirizana kuti mayi anu analakwiridwa. Chigamulo cha khoti sichisuntha. Mphamvu imeneyo alibe."

Ndinapsa mtima, chifukwa palibe chowawa ngati kuphunzitsidwa ndi munthu amene wakhala ukumupatsa tiyi wozizira. "Nanga si iwowa amapanga malamulo? Woweruza amangowerenga zimene iwo alemba."

"Amapanga, inde. Koma pamwamba pawo pali malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, ndipo malamulo amenewo anagawa ntchito. Aphungu apange malamulo, avomereze misonkho ndi bajeti, afunse nduna mafunso. Boma ligwire ntchito ndi malamulowo. Milandu aweruze ndi makhoti. Aphungu akayamba kugamula milandu, ndiye kuti wodziwana ndi aphungu ambiri wapambana mlandu uliwonse. Bambo wa mapepala uja akanalowa muno ndi dengu lalikulu kuposa lanu, mukanakonda kuti amusayinire?"

Ndinayamba kupukuta tebulo loyera kale.

"Komanso ife pano si Nyumba," anapitiriza. "Ndife komiti, tili m'holo ya loji. Tikhoza kuitana akuluakulu oona za malo n'kuwafunsa mmene mapepala oterewa amatulukira. Tikhoza kulemba lipoti. Kukafunika lamulo latsopano, palembedwe bilu, akambirane, avote, ipite kwa Pulezidenti akasayine. Lamulolo likasemphana ndi malamulo aakulu aja, khoti lomwelo limalikana. Pomwe zonsezo zizitha, pa mathandala a mayi anu padzakhala dziwe losambiramo alendo." Anavalanso magalasi. "Masiku a apilo atsala angati?"

Ndinawerenga ndi zala. Sanali kukwana milungu iwiri.

"Mawa lomweli akaonane ndi loya wawo. Musazengereze, asisi. Njira yatsala ndi imeneyo yokha."

Ndinamuthokoza, ndipo ndinathokoza kuchokera pansi pa mtima. Ndinapita kukhitchini kukamuwiritsira tiyi wake wake, woyamba wotentha chifikireni.

Nditaweruka ndinakwera kabaza kulunjika kwa amayi, mawu onse nditawakonza m'mutu. Nyimbo ndinazimva ndisanafike. Chipepala chija anali atachiika m'pulasitiki, amayi atachikweza m'mwamba, ndipo aliyense pa doko ankafuna kuchikhudza. Asodzi osadziwa ndi A yemwe ankaloza siginecha ija n'kumati, "Dzanja la munthu wamkulu limaonekeratu." Amalume anga, amene anasiya kundipatsa moni chaka chimene banja langa linatha, anandigwira chanza ndi manja awiri. Mwini boti wina anandipatsa kampango wathunthu. Ndipo amayi anaima pakati pa anthu n'kunena mokweza, "Munkandiseka kuti ndikuvutikiranji kuphunzitsa mwana wamkazi. Lero wandibweretsera Nyumba ya Malamulo pakhomo."

Chibadwire changa amayi anali asanandiyamikirepo pagulu. Amayi anga ndi munthu woti ukakhoza mayeso amafunsa kuti madzi watunga.

Titalowa m'nyumba ndinayesa. "Amayi, koma apilo ija tisaisiye."

"Apilo ya chiyaninso, mwananga? Ukufuna akuluakulu aja amve kuti sitinawakhulupirire?"

"Ayi, ndimangonena."

Anandiyang'anitsitsa. "Kodi pepalali lili ndi vuto? Waliwerenga ndi iwe. Likuti chiyani?"

Apa ndiye panangofunika kutsegula pakamwa basi. Kampango anali m'beseni pafupi ndi mapazi anga, nyimbo zikumvekabe panja. Ndinati, "Likuti nkhani ya malo aikonza."

Ndinadziuza kuti ndiwauza mawa anthu akabalalika. Mawa lake ndinati ndiwauza Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi. Lamlungu abusa anatiimika tonse awiri kutsogolo kuti mpingo uthokoze Mulungu chifukwa cha mathandala. Munthu ungadule bwanji pemphero kuti ukonze mfundo ya malamulo? Sindikufuna kudziyeretsa. Sindinaiwale, sindinasokonezeke, m'mawa uliwonse ndinkadziwa kuti kwatsala masiku angati. Ndinkangoopa kubwerera kukhala wochotsa mbale. Ndinafika mpaka podzinamiza kuti mwina kalaliki uja ndi wansanje chabe. Munthu wopanda ndi galimoto yomwe angadziwe chiyani za mphamvu?

Loya anaimba foni kawiri. Kachiwiri ndinali pomwepo. Amayi anamuyankha ndi ulemu wonse, "Zikomo bambo, mwavutika nafe. Nkhani ija inatha, tinaonana ndi akuluakulu anu." Ndinamva loyayo akufunsa kuti akuluakulu ati, ndipo amayi anandipatsira foni kuti ndimufotokozere bwino. Ndinaiika kukhutu, ndinati halo katatu, n'kuidula. Ndinawauza amayi kuti netiweki yathawa.

Tsiku lomaliza la apilo linali Lachinayi. Ndinalithera m'holo, ndikuyala timaswiti ta anthu ena amene anabwera kudzakambirana za kutukula amayi akumudzi.

Patapita nthawi Nyumba ya Malamulo inayamba kukumana, ndipo amayi anagula mabatire atsopano. Ankaika wailesi pa thandala, uku akutembenuza usipa, kumvetsera aphungu akukangana m'Chingerezi chimene iwo sankamva. Ndikafika ankandifunsa, "Afika pa ife?" Ndinkati adakali pa feteleza. Tsiku lina ndinati ali pa misewu. Lina ndinati ali pa bajeti, za kunyanja zili kutsogoloku. Masana ena munabuka phokoso m'wailesimo, kumenya matebulo ndi kukuwizana, amayi anasiya usipa n'kukweza chala. "Imeneyo ndi yathu. Wamva mmene apsera mtima?" Pomwe aphunguwo ankangolimbirana kuti ayambe kulankhula ndani. Ndinati, "Ikuoneka ngati yathu." Bodza likakula limafuna chakudya tsiku ndi tsiku, ndipo ine ndinkalidyetsa mosadumphitsa.

Anabwera m'mawa wina nyengo ya mwera, usipa uli pa mathandala: galimoto ya masherifu a khoti, apolisi awiri, ndi bambo wa kabudula uja ataima patali manja m'matumba. Tsikulo ndinali pa ofu, ndinali pomwepo. Amayi sanachite mantha ngakhale pang'ono, ndipo chimenecho ndicho chimandipweteka mpaka lero. Anapukuta manja pa chitenje, anatuma mnzawo kukatenga chipepala kunyumba, anachitambasula pa thandala, n'kuika miyala m'makona kuti mphepo isachiulutse.

"Werengani kaye apa, bambo, musanagwire kanthu."

Mkulu wa masherifuwo anali bambo wachikulire, waulemu wake. Anawerenga, nawerenganso. Sanaseke. "Mayi, pepalali si la khoti, komanso si lamulo. Likungonena kuti adzakambirana."

"Masiginechawo simukuwaona?"

"Ndawaona, mayi. Ngakhale akanasayina aphungu onse, ine ndimatsata chigamulo. Kodi apilo munachita?"

"Mwana wanga ali apayu, amagwira nawo ntchito." Anatembenukira kwa ine. "Iwe, awerengere bambowa. Mwina Chingerezi chake chawakulira."

Doko lonse linayang'ana ine. Amalume analipo, mwini kampango uja analipo, amayi asanu aja anali kutsogolo atapinda manja, okonzeka kuona sherifu akuchita manyazi. Ndinayandikira. Inki inali itayamba kufwifwa m'mopinda. Ndinawerenga mizere iwiri ija m'Chingerezi, kenaka ndinaimasulira monga inalili: kuti komiti idzaunikenso malamulo okhudza malo a m'mbali mwa nyanja.

"Basi?" amayi anafunsa.

"Basi, amayi."

"Za mathandala?"

"Mulibe."

Anayang'ana siginecha yaikulu ija. "Unadziwa liti?"

Ndikanatha kunamanso, luso ndinali nalo. Koma ndinali nditatopa. "Tsiku lomwe lija. Mayi wina m'holo muja anandiuza kuti tithamangire apilo."

"Masiku analipo?"

"Analipo."

Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandiwomba mbama pamaso pa anthu onsewo. Anangopempha masherifu kuti asagwire kanthu, aphwasula okha. Anawola usipa wosauma n'kuuthira m'mabeseni. Anamasula zingwe imodziimodzi, nsungwi n'kuziunjika bwinobwino, monga ankachitira chaka chimene madzi akwera. Anzawo asanu aja, amene anataya malo awo pa bodza langa, anachitanso chimodzimodzi, ndipo mmodzi anandiuza mawu amene sindingawalembe pano, koma anali oona onse. Nditagwira nsungwi imodzi kuti ndithandize, amayi anati, "Siyani, mudetsa zovala." Chibadwire anali asanandilankhulepo ngati mlendo.

Sabata yomweyo ndinamuimbira loya uja ndekha, netiweki tsopano inali bwino kwambiri. Anati nthawi zina khoti limalola apilo yochedwa, koma munthu afotokoze chifukwa chomveka chimene anachedwera, ndipo alumbire. Ndinathamangira kwa amayi ndi uthengawo. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye ndikaime m'kabokosi muja, ndigwire Baibulo, ndiuze dziko lonse kuti mwana wanga anandinamiza? Alembe m'mabuku awo?"

"Ndikanena ndekha, amayi."

"Ntchito ikutherani. Anawo adya chiyani?" Analowa m'chipinda, natuluka ndi chipepala chija chili m'pulasitiki mwake, chopindidwa bwino. "Tengani, ndi cha kuntchito kwanu."

Pamalo paja pali mpanda wa njerwa tsopano, ndi kapinga wothiriridwa m'mawa ndi masana. Ndamva kuti amanganso holo, ndiye kuti umphawi uzithetsedwa malo awiri nthawi imodzi. Amayi amayanika kwa msuweni wawo cha ku Maganga, pa thandala limodzi lobwereka, ndipo amanyamuka ndi beseni pamutu pa msinkhu umene anzawo akungolera adzukulu.

Chaka chotsatira kalaliki uja anabweranso ndi komiti ina. Anandizindikira. "Asisi, apilo ija inayenda bwanji?" Ndinamuthirira tiyi mpaka kutayikira m'sosala, ndipo anamvetsa. Anandiuza motsitsa mawu kuti komiti ija inaitanadi akuluakulu oona za malo, inawafunsa mafunso, lipoti linalembedwa, mwina tsiku lina lidzathandiza madoko ena. Ndiye kuti aphunguwo anachita ndendende zimene analemba pa chipepala, osaonjezera, osachotsera. Ndafunafuna poti ndiwakwiyire, poti m'dziko muno kukwiyira phungu n'kwaulere ndipo aliyense amakuthandiza, koma pa nkhani iyi ndikangoyamba ndimakathera pa ine ndemwe.

Masiku ano ndikaima kukhoma ndimamvetseradi. Ndikudziwa kuti Nyumba ya Malamulo ikhoza kukana bajeti, ikhoza kuitana nduna kuti idzayankhe, ikhoza kusintha lamulo limene inapanga yokha, komanso kuti pali zigawo zina za malamulo aakulu zimene singasinthe osafunsa anthu onse pa voti. Ndikhoza kuphunzitsa kalasi. Kungoti pa doko palibe amandifunsanso kanthu. Akayamba kukangana za ndale ine ndikudutsa, wina amangoti, "Afunseni olemekezeka," ndipo onse amayang'ana kunyanja.

Mwezi wathawu amayi analandira kalata ya kuchipatala, ya tsiku limene akawachotse ng'ala m'diso. Nyumba yanga ili m'mbali mwa njira, choncho ndinawaonera pa zenera akubwera, envelopu ili m'manja. Ndinapukuta manja, ndinatsegula chitseko, ndinatulutsa mpando. Anaima, anandipatsa moni, anafunsa ngati ana adzuka bwino. Kenaka anaika envelopu ija m'chitenje n'kupitirira, kupita kwa aphunzitsi opuma a kuseri kwa chigayo kuti akawawerengere.